Zolemba za ntchito: kuyesa pa ONE ngati machapa ndi mamota a ku Angónia anganyamule mauthenga

Pomwe tafika

Funso lomwe tikulondola ndi lakuti malipoti a ma APE (azaumoyo a m'midzi) ndi a alangizi a zaulimi a ku Angónia ndi ku Tsangano angafike bwanji ku Ulongué ngati pamalo pomwe alembedwera palibe netiweki. Foni ya APE isunga lipoti. Ikayandikana ndi kachipangizo komwe kali pa chapa (minibasi) kapena pa mota (njinga yamoto), ilipereka, ndipo chapayo ilinyamula mpaka pomwe pali intaneti. Ndi momwe timatumizira thumba la mbatatesi kudzera kwa kondakitala, kungoti uthenga ungathe kukopedwa n'kupatsidwa kwa makondakitala angapo nthawi imodzi. Njirayi imatchedwa DTN (Delay-Tolerant Networking). Kamangidwe kake kanalembedwa mu RFC 4838 m'chaka cha 2007, ndipo ku India ntchito ya DakNet inkanyamulitsa mauthenga pa mabasi kumayambiriro kwa zaka za m'ma 2000.

Sitinagule chipangizo ngakhale chimodzi. Zonse tikuyamba taziyesa pa kompyuta ndi ONE, simulator (pulogalamu yoyerekezera zochitika) yolembedwa mu Java yomwe inapangidwa ku Helsinki University of Technology, imene Ari Keränen, Jörg Ott ndi Teemu Kärkkäinen anaifotokoza pa msonkhano wa SIMUTools mu 2009. Tinaonanso ns-3 ndi OPS ya pa OMNeT++ yomwe inachokera ku yunivesite ya Bremen. Ya ns-3 imatsata paketi iliyonse ndi mafunde a wailesi, zomwe zimachedwetsa kwambiri mukafuna kuyesa masabata athunthu. ONE sisamala za mafunde. Imangoona kuti zipangizo ziwiri zayandikana kapena ayi, n'kuwerengera mabayiti omwe angadutse. Pa funso lathu zimenezo zikukwana pakadali pano.

Chomwe chaoneka kale n'chakuti kuno kwathu nkhani yaikulu si router, lamulo losankha woti apatsidwe uthenga. Mapu, nthawi yomwe chapa imaima pa siteji ndi manambala ochepa omwe amabwera ataikidwiratu mu fayilo ya ONE ya default_settings.txt ndi zomwe zikugwedeza zotsatira. Choncho zolemba izi zatalika pa zimenezo.

Mapu

Mapu omwe amabwera ndi ONE ndi a pakati pa mzinda wa Helsinki, mamita 4500 mbali ina ndi 3400 mbali inayo, momwe mumazungulira ma node 126 (node ndi chipangizo chilichonse chonyamula mauthenga mu simulator). Bokosi lomwe tadula ife ndi la makilomita pafupifupi 100 mbali zonse, kutenga Ulongué, Dómuè, Calómuè ndi Tsangano, ndipo ma node sakwana 50.

Misewu tatenga ku OpenStreetMap kudzera pa fayilo ya Mozambique ya ku Geofabrik. Fayilo imeneyo payokha siikwana, chifukwa msewu wa M1 wa ku Malawi, pakati pa Dedza ndi Ntcheu, umayenda m'malire enieni ndipo anthu a mbali ya kuno amapita ku misika ya Lizulu ndi Tsangano Turn-off. Tatenganso fayilo ya Malawi ya tsiku lomwelo n'kuziphatikiza ndi osmium merge. Zikhale za tsiku limodzi ndithu, apo ayi msewu umodzi ukhoza kubwera kawiri mosiyana pang'ono.

Mu pulogalamu ya mapu ya QGIS, mapu asinthidwe kuchoka ku madigiri kupita ku mamita, pa EPSG:32736, yomwe ndi UTM zone 36S. ONE imatenga nambala iliyonse ya mu fayilo ya mapu ya WKT ngati mita. Mukaipatsa madigiri, Angónia yense amakwana m'malo osafika mamita awiri, ma node onse amaonana nthawi zonse, ndipo delivery_prob, gawo la mauthenga omwe afika, imaoneka yokongola popanda chifukwa. Palibe chenjezo lomwe imapereka.

Pomwe ONE imadandaula ndi pa kulumikizana kwa misewu. Misewu iwiri imatengedwa kuti yakumana pokhapokha ngati ili ndi mfundo yofanana ndendende, manambala onse. Kamsewu kamodzi kakatsala pakokha, pulogalamu imaima n'kunena kuti mapu sanalumikizane onse. Tikukonza motere: v.clean ya pulogalamu ya GRASS ndi snap (kumata mfundo zoyandikana) ya mamita 5, kenako break kuti mizere idulidwe pa mphambano iliyonse, kenako kufupikitsa manambala onse kuti athere pa mita yathunthu, pomaliza kutaya tizidutswa tomwe sitikhudza msewu waukulu. Snap ikapitirira, njira yapansi yoyenda m'mbali mwa tala imamatidwa ku talayo ndipo pamabadwa mphambano zomwe kulibe.

Tagawa misewu m'mafayilo atatu: mapFile1 ndi ya tala monga N304, mapFile2 ndi misewu yafumbi yodutsa galimoto, mapFile3 ndi njira za mota ndi njinga basi. Machapa ali ndi okMaps = 1,2 ndipo mamota 1,2,3. Izi zitithandiza poyesa nyengo yadzinja, pomwe tidzangosamutsa misewu ina kuchoka mu fayilo yachiwiri kupita mu yachitatu.

Pali msampha pa malo osayenda monga zipatala zing'onozing'ono ndi gateway, malo okhala ndi intaneti ku vila ya Ulongué. ONE ikawerenga mapu imawatembenuza mbali ya y n'kuwakankha kuti ngodya iyambire pa 0,0. Mafayilo a njira za machapa amatembenuzidwa okha, koma nodeLocation ya StationaryMovement ayi. Muyenera kuwerengera nokha: x ndi x ya UTM kuchotsa x yochepetsetsa ya mapu, y ndi y yaikulu kwambiri ya mapu kuchotsa y ya UTM. Mukaiwala kutembenuzako, chipatala cha kumpoto chimakakhala kummwera patchire pomwe sipadutsa chapa, ndipo mauthenga ake safika ngakhale umodzi. Komanso gulu lililonse lili ndi nodeLocation imodzi, ndiye malo 12 ndi gateway ndi magulu 13 a node imodzi imodzi. Fayilo ya settings tikuitulutsa ndi kapulogalamu ka Python, si yolemba pamanja.

Memory

Ndi worldSize = 100000, 100000 pulogalamu imagwa ndi OutOfMemoryError isanayambe n'komwe. Chifukwa chake n'chakuti ONE imagawa dziko lonse m'timabokosi kuti ipeze msanga ma node oyandikana, ndipo kukula kwa kabokosi ndi transmitRange (mtunda womwe wailesi imafika) kuchulukitsa ndi Optimization.cellSizeMult. Ndi mamita 10 ndi 5, kabokosi ndi ka mamita 50, kutanthauza timabokosi 2000 kuchulukitsa 2000, mamiliyoni anayi, pomwe one.sh imapatsa Java -Xmx512M yokha. Takweza cellSizeMult kufika pa 50, timabokosi tatsika kufika pa 40,000, ndipo laputopu wamba ikukwanitsa. Ma node athu ndi ochepa, kotero kabokosi kakakulu sikachedwetsa kanthu.

Kukumana pamsewu ndi kukumana pa siteji

Apa ndi pomwe pagona ntchito. Bluetooth ya mu default ili ndi transmitRange ya mamita 10 ndi transmitSpeed ya 250k, yomwe ndi mabayiti pa sekondi, osati ma bit. Machapa awiri akamapatukana pa N304, iliyonse pa makilomita 60 pa ola, mtunda wa pakati pawo umasintha ndi mamita 33 pa sekondi. Amaonana pa mamita 20 okha, choncho kukumana kumatha mu sekondi 0.6, ndipo podutsa ndi 150k basi. Chithunzi cha 300k sichingadutse. ONE siidula uthenga m'zidutswa komanso sipitiriza pomwe inalekezera. Uthenga wodukira panjira umawerengedwa ngati aborted n'kudzayambiranso pachiyambi.

Ndipo 150k imeneyo ndi ya m'kompyuta. Foni yeniyeni imayamba yafufuza anzake, ndipo kufufuza kwa Bluetooth yakale kumatenga masekondi 10.24 kuti kukwane. Wi-Fi Direct nayo imatenga masekondi angapo kupanga gulu. Simulator ikasiyidwa momwe ilili imalumikiza nthawi yomweyo, ndipo imapereka kukumana kwa pamsewu komwe sikungachitike. Taika scanInterval = 30 pa interface kuti kukumana kwakufupi kotero kuzigwidwa mwa apo ndi apo. Interface yathu yaikulu pano ndi ya mamita 40 ndi 1M pa sekondi, manambala osankha mosamala mpaka tidzayese ndi mafoni enieni.

Scenario.updateInterval nayo imalowerera. Pa 0.1 masabata awiri, omwe ndi masekondi 1,209,600, amafuna masitepe oposa mamiliyoni 12, ndiye mtima umafuna kuikweza kufika pa 1. Koma pa sekondi imodzi magalimoto opatukana amalumphana mamita 33 pa sitepe, ndipo pa mamita 10 akhoza kudutsana osaonana. Ife taika 0.5 titatha kuona ndi ContactTimesReport kuti kukumana kwa pa siteji sikukusintha. Aliyense wosintha transmitRange abwerenso pa nambala imeneyi.

Zikatero, pafupifupi mauthenga onse amasinthana m'manja galimoto zitaima. Ndiye nthawi yoima ndiyo iyenera kukhala yolondola, ndipo apa MapRouteMovement ili ndi malire. Imatenga mfundo iliyonse ya mu routeFile ngati siteji, imapeza njira yachidule pakati pa masiteji ndi Dijkstra, ndipo routeType = 2 imapangitsa chapa kupita n'kubwerera. Vuto n'lakuti waitTime ndi imodzi pa masiteji onse. Tonse tikudziwa kuti chapa ku Ulongué sinyamuka isanadzaze, ikhoza kukhala ola kapena kuposerapo, pomwe panjira imangotsitsa munthu n'kupita. Mukaika waitTime yaitali, chapa imagona pa mudzi uliwonse ndipo mauthenga onse amadutsa mosavuta. Mukaika yaifupi, machapa sakumana ku vila, komwe kwenikweni ndiko amakumanirana.

Talemba class yathu yochokera ku MapRouteMovement yomwe ikusintha generateWaitTime(). Imawerenga fayilo yaing'ono yokhala ndi nthawi yochepa ndi yochuluka ya siteji iliyonse. Pakadali pano taika masekondi 1800 mpaka 5400 pa masiteji akumapeto, ndi 20 mpaka 120 pa a panjira. Awa ndi manambala ongoyambira. Kusintha kumeneku kokha kwasuntha delivery_prob kuposa kusintha router iliyonse yomwe tayesa, ndipo n'chifukwa chake sitikulemba manambala a zotsatira muno mpaka nthawi zoima zitachokera ku GPS.

Mamota ndi ovuta kuposa machapa chifukwa alibe njira imodzi. ShortestPathMapBasedMovement ikasiyidwa yokha imasankha kopita paliponse pa mapu, ndipo mota ya ku Dómuè imapezeka ikupita ku Tsangano tsiku lililonse. Wa mota sachita zimenezo, amazungulira dera lake. Tagawa mamota 20 m'magulu anayi, gulu lililonse ndi fayilo yake ya malo okondedwa: siteji, msika, chipatala, chigayo. Mwayi wopita ku malo amenewo taika 0.9, wotsalawo ndi wa ulendo wakutali.

Usiku machapa sayenda. Tikugwiritsa ntchito activeTimes, kuyambira 21600 mpaka 64800 tsiku loyamba, kenako kuwonjezera 86400 tsiku lililonse. Mu ONE ya 1.6 kuyenda kwa node ndi kuyaka kwa wailesi yake ndi zinthu ziwiri zosiyana, choncho chapa yoima usiku ikhoza kumasinthanabe mauthenga ndi inzake yogona pafupi. Ngati kachipangizo kadzadya magetsi a galimoto ndipo kazidzazima injini ikazima, wailesi izimitsidwenso mu simulator. Mfundo imeneyi sitinagwirizanebe ndi anzathu a zamagetsi.

Mauthenga

Default imapanga uthenga wa 500k mpaka 1M pa masekondi 25 mpaka 35 aliwonse, kuchokera kwa aliyense kupita kwa aliyense, ndi buffer (malo osungira mauthenga) ya 5M ndi msgTtl (nthawi yomwe uthenga umakhala usanafe) ya 300. Nambala ya 300 ndi mphindi, maola asanu. Lipoti lolembedwa madzulo limafa usiku chapa ya m'mawa isanafike. Buffer ya 5M imanyamula mauthenga asanu mpaka khumi, pomwe foni yotsika mtengo ili ndi malo ochuluka kwambiri kuposa pamenepo. Ndi manambala amenewo router iliyonse yokopa kwambiri imaoneka yoipa chifukwa cha kudzaza komwe kuno sikungachitike.

Athu ali motere. Events1 ndi malipoti a 20k mpaka 50k, Events2 ndi zithunzi za 200k mpaka 400k zomwe zimabwera patalipatali. Gateway ndi node 0, malo 12 ndi 1 mpaka 12, ndiye hosts = 1,13 ndi tohosts = 0,1. Nambala yachiwiri siwerengedwa, ndipo mukalemba 1,12 chipatala chomaliza chimakhala chete mpaka mapeto. Events3 ndi mayankho ochokera ku vila kubwerera ku midzi. Buffer ndi 200M, msgTtl ndi 4320, masiku atatu.

Ma router

Tikuyerekeza asanu. DirectDelivery ndi muyezo wapansi, ndipo kwa ife imapereka ziro chifukwa chipatala ndi gateway zonse siziyenda. Ili m'gulumo kuti itsimikizire kuti mapu ali bwino: ikangofikitsa uthenga umodzi, ndiye kuti pali malo omwe aikidwa molakwika.

Epidemic, ya Vahdat ndi Becker ya 2000, imakopera uthenga kwa aliyense yemwe alibe. Ndi buffer yaikulu ndi mauthenga ochepa ngati athu, ndiyo muyezo wapamwamba. Choipa chake mu ONE n'chakuti palibe chodziwitsa ma node ena kuti uthenga wafika, ndiye makope amapitiriza kuzungulira mpaka msgTtl itatha. Buffer sidzaza, koma masekondi 20 a pa siteji ya panjira amathera pa mauthenga omwe anafika dzulo. Komanso node imodzi imatumiza kapena kulandira uthenga umodzi pa nthawi, choncho machapa akachuluka ku vila amadikirana.

PRoPHET, ya Lindgren, Doria ndi Schelén ya 2003, yomwe inadzakhala RFC 6693 mu 2012, imayenera kutikomera chifukwa machapa amabwerezabwereza njira zawo. Node ikakumana ndi inzake imakweza mwayi woti idzaionanso, kuyambira pa 0.75, ndipo mwayiwo umatsika pochulukitsa ndi 0.98 pa gawo lililonse la nthawi. Gawolo mu default ndi secondsInTimeUnit = 30. Werengani nokha: mwayi umatsika ndi theka pa magawo 34, omwe ndi mphindi 17. Pa tsiku lathunthu pali magawo 2880, ndipo chotsala ndi nambala yokhala ndi maziro oposa 20 kutsogolo. Chapa yomwe imafika ku gateway kamodzi patsiku imakhala itaiwala kalekale, ndipo mota yomwe yangodutsa ku vila mwangozi mphindi khumi zapitazo imaoneka yodalirika kuiposa. Tikaika 3600, theka limatha pa maola 34 ndipo pakatha tsiku pamatsala 0.62 ya mwayiwo. Pamenepo machapa amayamba kuoneka momwe alili. Kwa mamota omwe amapita ku msika wa pa sabata ngakhale 3600 ndi yaifupi, popeza pakatha masiku asanu ndi awiri pamatsala 0.03. Tikuyesa 1800, 3600 ndi 10800 nthawi imodzi polemba manambalawo m'mabulaketi a ONE olekanitsidwa ndi semicolon.

Spray and Wait, ya Spyropoulos, Psounis ndi Raghavendra ya 2005, imapatsa uthenga makope owerengeka. Ndi nrofCopies = 6 ndi binaryMode, chipatala chimapereka atatu kwa woyamba kufika, aliyense wokhala ndi makope oposa limodzi amagawira wina pafupifupi theka, ndipo wotsala ndi kope limodzi amadikira kukumana ndi gateway yeniyeniyo. Njirayi inaganiziridwa pomwe node iliyonse ikhoza kufika kulikonse. Kuno makope amathera m'manja mwa mamota a dera limodzi omwe safika ku Ulongué, ndipo chapa ikamabwera chipatala chimakhala chatsala ndi kope limodzi lomwe sichingapereke. Malo akutali ndiwo amavutika, koma average ya onse pamodzi imabisa zimenezo.

MaxProp, ya Burgess ndi anzake ya 2006, inayesedwa pa mabasi a DieselNet ku Amherst, ndipo ndiyo yoyandikira kwambiri ku zathu. Imafalitsa chidziwitso choti uthenga wafika kuti makope afufutidwe, komanso imasanja mauthenga kuti atsopano ayambe kudutsa. Pa kukumana kwakufupi kusanjako n'kofunika kuposa kusankha wopatsa. Tikuganiza kuti mapeto ake tidzalemba router yathu yosavuta: kukopa ngati Epidemic, kufalitsa zoti uthenga wafika ngati MaxProp, ndi kutumiza malipoti aang'ono zithunzi zisanayambe.

Kuwerenga malipoti a simulator

MessageStatsReport imafuna kuiwerenga mochenjera. Nambala ya latency_avg imawerengera mauthenga ofika okha, choncho router yomwe yataya onse a ku Tsangano n'kufikitsa a pafupi ndi vila imaoneka yachangu kuposa zonse. Ya delivery_prob imagawa ndi mauthenga onse opangidwa, kuphatikizapo omwe apangidwa mphindi yomaliza. Taika Events1.time kuti kupanga mauthenga kuthe masiku atatu endTime isanakwane, ndi Report.warmup = 172800 kuti masiku awiri oyamba, pomwe PRoPHET ndi MaxProp zikuphunzira, asawerengedwe. Overhead_ratio ndi relayed kuchotsa delivered, kugawa ndi delivered. Kwa ife nambala yothandiza kuposa imeneyo ndi aborted, chifukwa imasonyeza kuti kukumana kukufupika.

Chomwe tikufuna kwenikweni ndi kuchedwa kwa malo aliwonse payekha. Tikutenga EventLogReport n'kuisanja ndi Python potengera komwe uthenga wachokera. Kuyesa kulikonse kukubwerezedwa ndi MovementModel.rngSeed (seed, nambala yoyambira posankha mayendedwe mwachisawawa) khumi zosiyana pa batch ya -b. Ndi machapa 8 okha, seed imodzi ikhoza kuika awiri pa siteji imodzi tsiku lonse kapena kuwasiyanitsa, ndipo kusiyana kwa ma seed nthawi zina kukuposa kusiyana kwa ma router awiri.

Zomwe zatsala

Tikukonzekera kujambula GPS pa machapa a njira za Ulongué kupita ku Dómuè, Calómuè ndi Tsangano, eni ake ndi madalaivala akavomera, popanda kulemba nambala ya galimoto kapena dzina la munthu. ExternalMovement, yomwe imawerenga mayendedwe kuchokera mu fayilo, imafuna mzere woyamba wokhala ndi malire a nthawi, a x ndi a y, kenako mizere ya nthawi, node, x ndi y yosanjidwa motsatira nthawi, ndipo mpata wa nthawi ukhale wofanana m'fayilo yonse. GPS ya foni imalumpha, ndiye tidzadzaza mipata kuti ikhale ya masekondi 5. Pa siteji GPS imagwedezeka mamita angapo galimoto ili chiimire, zomwe zingadule kukumana kumodzi kwakutali kukhala tizidutswa tambiri, choncho liwiro likatsika pansi pa mita imodzi pa sekondi tidzaimika node pamalo amodzi.

Kuchokera pamenepo tidzatulutsa fayilo ya mizere ya CONN up ndi down, yosonyeza pomwe ma node akumana ndi pomwe asiyana, n'kuzimitsa simulateConnections. Ma router onse adzayesedwa pa kukumana kofanana ndendende, ndipo kuyesa kudzafulumira chifukwa kuyenda sikudzawerengedwanso. Mapu adzinja akudikira mndandanda wa milatho ndi madambo omwe amatseka msewu pakati pa Disembala ndi Marichi, womwe alangizi a ku Dómuè ndi ku Tsangano akutilembera. Batire la foni ya APE sitinaliyikemo. EnergyModel ilipo mu ONE, koma scanEnergy ndi transmitEnergy zidzadikira tiyese foni yeniyeni ikufufuza pa masekondi 30 aliwonse kuyambira m'mawa mpaka madzulo.